Chaka Chimene Ndinanamizira Mileme

Amuna anga ankalima tomato padimba lathu kufupi ndi Maganga, ndipo masana ankakonza njinga za akabaza pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay. Ine ndinkaoda usipa kudoko, n'kuuyanika pathandala, n'kukagulitsa ku Salima. Tinali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene nthawi imeneyo anali mu Sitandade 2. Tinakhala m'banja zaka khumi ndi chimodzi. Sindinganame kuti sitinkayambana, koma iwo anali munthu wosachedwa kuseka, moti mkangano wathu sunkakhalitsa.

Manyowa a tomato ankakawatenga kumlambe. Kuseri kwa mudzi wathu, panjira yopita kudambo, kunali mlambe waukulu wamphako, woti anthu asanu n'kuimamo osapanikizana. M'katimo munkakhala mileme yosawerengeka, ndipo zitosi zake zinkaunjikana pansi ngati mchenga wakuda. Anthu ambiri sankalowamo chifukwa cha fungo. Amuna anga ankangomanga kansalu kumphuno, n'kulowa ndi fosholo ndi thumba. Akamabwera ankanunkha koopsa, moti ndinkawabwezera pakhomo kuti akayambe asamba. Koma tomato wawo anali wosiririka, ndipo ogula ena ankachita kumutsatira kudimba komweko.

Kagalu ndinabwera nako ndine. Ndinakapeza kudoko m'mawa wina, kakunjenjemera pansi pa bwato lovundikira. Asodzi anati make anafa atalumana ndi chinyama china cha kutchire, mwina nkhandwe, ndipo ana ake anangobalalika. Kanali kofiirira, kali ndi kabala pamwendo wakutsogolo. Ndinakakulunga m'chitenje, n'kukaika m'beseni pamwamba pa usipa.

Amuna anga atandiona ndikutula beseni anaseka mpaka kugwira m'mimba.

“Mayi, lero mwaoda galu? Usipa unatha kudoko?”

“Akakula azikulonderani tomato,” ndinatero.

“Ameneyu? Mbuzi zikangomuyang'ana athawira kunyanja.”

Komabe amene anakakonda kwambiri anali iwowo. Ankakatenga popita kokonza njinga, kakugona m'tayala lakutha pambali pawo.

Patatha masabata atatu kagalu kaja kanasintha. Kanasiya kudya, n'kumabisala pansi pa nkhokwe. Kukamwa kwake kunali yasa, dovu likungotsika, ndipo kankayesa kumeza koma osatha. Amuna anga anati kamezera munga wa nsomba. Anakagwira pakati pa mawondo, n'kupisa dzanja m'kamwa mwake kufunafuna mungawo. Sanapezemo kanthu. Potulutsa dzanja, dzino linawacheka pang'ono pachala chachikulu. Anayamwa magaziwo, n'kulavula, n'kupukutira chalacho pabuluku. Ine ndinali pomwepo ndikusankha usipa. Kagalu kanafa patatha masiku awiri. Tinati mwina kanadya mankhwala a makoswe kwa anansi. Anakakwirira kuseri kwa chimbudzi, mwana analira tsiku limodzi, nkhaniyo n'kuthera pomwepo.

Panapita miyezi iwiri ndi theka. Tsiku lina amuna anga anabwera kuchokera kumlambe ali ndi kamzere kofiira pakhosi, cha kumanzere. Anati mleme unawagwera m'kolala ya malaya, n'kuwakanda pofuna kutuluka. Anafotokoza mosekesa, akuonetsa mmene anavinira m'mphakomo.

Sabata yotsatira anayamba kudandaula mutu ndi kuphwanya m'thupi. Dzanja lamanja linkawayabwa, kenako n'kuchita dzanzi, moti sipanala inkawapulumuka. Tinati ndi malungo. Anamwa panado, n'kugona pakhonde. Tsiku lachitatu m'mawa anandipempha madzi. Nditawapatsa kapu, anaibweretsa kukamwa, ndipo khosi lawo linangokokeka, maso n'kutong'oka, kapu n'kugwa. Anayesanso kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu atangoona ndikutunga mumtsuko anakuwa kuti ndichotse madziwo. Munthu ali ndi ludzu milomo itauma gwa, koma akuopa madzi ngati moto.

Ndinatuma uthenga kwa alamu anga, achimwene awo aakulu, amene ndi msodzi ku Senga Bay. Anabwera ndi galimoto ya mnzawo, tinawatengera amuna anga kuchipatala. Dokotala wachinyamata atawayeza, anawakupiza mphepo kumaso ndi kabuku, ndipo amuna anga anadzidzimuka thupi lonse. Dokotalayo anandiitanira panja.

“Mayi, bambowa analumidwapo ndi galu?”

“Ayi.”

Ndikufuna ndinene pano kuti sindinaname mwadala. M'mutu mwanga, kulumidwa ndi galu kunali kuthamangitsidwa ndi chigalu cholusa, buluku kung'ambika, bala lalikulu pakatumba. Za kagalu kaja sizinandibwerere n'komwe.

“Nanga chinyama china chilichonse? Mphaka, nkhandwe, nyani?”

“Mleme,” ndinatero. “Unawakanda pakhosi sabata yatha.”

Anandiyang'ana, n'kulemba. Kenako anandiuza mosabisa kuti akuganiza kuti ndi chiwewe, ndipo kuti chikafika poopa madzi chotere palibe mankhwala ochiza. Anati chimene angathe ndi kuwachepetsera ululu basi. Alamu anafunsa ngati n'kotheka kuwatumiza ku Lilongwe. Dokotala anati ngakhale kunja kwa dziko yankho likhala lomwelo.

Anawaika m'kachipinda kaokha. Nthawi zina ankalusa, kukuwa, kuona zinthu zoti palibe, mpaka anamwino kuwamanga manja ndi nsalu kubedi. Koma nthawi zina nzeru zinkabwerera zonse, ndipo nthawi zimenezo n'zimene zinkandipweteka kwambiri. Tsiku lina masana anandiitana ndi mawu otsika.

“Mayi, tsekani zenera. Mphepo ikundibaya.”

Ndinatseka.

“Musayandikire kwambiri. Sindikudzidziwa bwino. Ndikakuchitani choipa, mudziwe kuti si ine.”

“Simungandichite choipa, bambo.”

“Tomato uja wa kumunsi akufuna mitengo. Akagona pansi aola.”

“Ndikazika.”

“Mwana musabwere naye kuno. Asandione chonchi.”

Anamwalira tsiku lachisanu, dzuwa litakwera, anthu akulowa kudzaona odwala awo. Dzulo lake achipatala anali atatipempha chilolezo chotenga malovu ndi kachikopa kakang'ono ka pankhongo, kuti akayeze. Alamu anavomera, inenso ndinavomera. Tonse atatu, ine, alamu ndi mwana, anatiyamba jakisoni wa katemera, n'kutilembera masiku obwereranso.

Pamaliro nkhani inali ya mileme. Aliyense wobwera kudzapepesa ankafunsa, ndipo ine ndinkayankha chimodzimodzi, kuti mleme wa kumlambe. Ndinanena mawu amenewa kambirimbiri, mpaka anakhala ngati mwala mumtima mwanga.

Patatha masiku atatu chiikireni maliro, alamu anasonkhanitsa amuna a m'mudzi. Anatuta mapesi ndi udzu wouma, n'kudzaza m'mphako muja, kuthira palafini, n'kutseka khomo ndi malata akutha. Unali usana, mileme ili mtulo. Ine ndinaima patali ndi amayi ena. Utsi unkatulukira m'ming'alu ya kumwamba, ndipo kulira kwake kunali kosongoka, kolowa m'mano. Ina inapeza potulukira, n'kumauluka mosokonezeka padzuwa, n'kumagwa m'munda. Mlambe suyaka ngati mitengo ina, umangonyeka m'kati, choncho unafuka masiku anayi. Sindinaletse munthu. Kunena zoona, mtima wanga unakondwa.

Sabata yotsatira kunafika galimoto ya anthu atatu. Anati ndi ofufuza za matenda a mileme ndi nyama zakutchire, ndipo anamva kuchipatala kuti munthu wamwalira atakandidwa ndi mleme. Wotsogolera anali mayi wa msinkhu wanga, wochepa thupi, wovala jombo. Tinkamutcha adokotala, ngakhale anatiuza kuti iye ndi dokotala wa zinyama, osati wa anthu. Anayamba wadzakhala pamphasa kundipepesa, kenako anapempha kuti ndiwalondolere kumlambe.

Atafika n'kuona khomo lakuda ndi mwaye, anasuzumira m'kati. Kenako anavala magolovesi ndi chophimba kumphuno, n'kulowa. Iye ndi anzake anatola mileme yakufa imene inali isanawonongeke kwambiri, n'kumaika umodziumodzi m'timapepala ta pulasitiki, kenako m'bokosi la ayezi. Sanadzudzule munthu. Anangofunsa kuti yopulumuka inathawira kuti.

Anaipeza kudenga la chigayo chakale chimene chinasiya kugwira ntchito. Anakhala masiku atatu akugwira ntchito pamenepo, ndipo ine, posowa chochita ndi manja anga, ndinkapita kukaonerera. Ankaigwira ndi kaukonde kofewa, n'kuiika m'timatumba ta nsalu, kuiyeza kulemera, kuipukuta m'kamwa ndi kathonje ka pakamtengo, kutenga kadontho ka magazi, kenako n'kuimasula. Ndinadabwa kuti saipha. Mayi uja anandiitana kuti ndione umodzi pafupi. Unali waung'ono kuposa chikhatho cha mwana, mtima ukugunda moonekera pachifuwa, ndipo kumimba kwake kunali kakamira kamwana kopanda ubweya. Ndinayang'ana kumbali. Sindinkafuna kuumvera chisoni.

Tsiku lomaliza mayi uja anabwera kunyumba yekha ndi kope lake. Tinakhala pakhonde. Anati akufuna ndimufotokozere zonse kuyambira pachiyambi, mosafulumira.

“Mleme unawakanda pati?”

“Pakhosi, cha kumanzere.”

“Panapita masiku angati kuti ayambe kudwala?”

“Sabata imodzi.”

“Choyamba kudandaula chinali chiyani?”

“Mutu. Ndi dzanja.”

“Dzanja liti, mayi?”

“Lamanja. Ankati likuyabwa. Linayambira chala chachikulu, dzanzi n'kumakwera mpaka paphewa.”

Anaika cholembera pansi. Anandifotokozera kuti kachilombo ka chiwewe kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita kuubongo, ndipo kawirikawiri pamatenga masabata angapo kapena miyezi. Anati sabata imodzi ndi yochepa, ngakhale kuti nthawi zina zimatheka. Anatinso nthawi zambiri kuyabwa ndi dzanzi zimayambira pamalo pamene kachilomboko kanalowera.

“Tayesani kukumbukira, mayi. Pachala chimenecho panachitikapo kanthu miyezi ya m'mbuyomu? Ngakhale kakang'ono, kosati n'kupita nako kuchipatala.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ayi. Ndiye ndinawaona amuna anga m'maganizo mwanga. Atakhala pachitsa, kagalu kali pakati pa mawondo, akupukutira chala pabuluku.

Sindikudziwa mmene ndinadzukira. Ndinangopezeka ndili kuseri kwa nyumba, nditagwira khoma, ndikusanza. Mayi uja ananditsatira, n'kuima pambali osandigwira. Nditapeza mpweya ndinamuuza zonse, za kudoko, za beseni, za munga umene munalibe.

“Ndinabwera nako ndekha,” ndinkangobwereza. “Ndinakasenza pamutu panga.”

Iye anati agalu ambiri achiwewe salusa, amangofooka n'kumaoneka ngati atsamwa, ndipo anthu ambiri amapisa dzanja monga anachitira amuna anga. Anati akanatsuka balalo ndi sopo nthawi yaitali n'kukabayitsa katemera masiku omwewo, mwina akanakhala moyo. Mawu oti mwina aja sanawanene pofuna kundinyengerera, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Koma anati tisagamule, tidikire zotsatira za kulabotale, chifukwa kachilombo ka agalu ndi ka mileme n'kosiyana ndipo makina amatha kusiyanitsa. Anafunsa ngati mwana ankasewera ndi kagaluko. Nditavomera, anayang'ana khadi lake la katemera, n'kundichonderera kuti asaphonye jakisoni ngakhale mmodzi. Za kufukula kagalu anati n'zosathandiza, papita nthawi yaitali m'dothi lotentha.

Masiku otsatira alangizi a ziweto anabwera kudoko ndi m'midzi yathu kudzabaya agalu katemera. Anafunsafunsa za ana ena a galu uja. Wina anati mmodzi anatengedwa ndi munthu wa ku Chipoka, koma palibe amene ankamudziwa dzina. Mpaka lero ndimaganizira za nyumba imeneyo.

Zotsatira zinatenga miyezi inayi. Miyezi yonseyo sindinauze munthu. Alamu ankabwera Loweruka lililonse kudzandithandiza kumunda, atasiya ukonde wawo, ndipo akaona mleme wakufa panjira ankauponda ndi chidendene. Apongozi anga, amayi awo a malemu, ankati akamva kulira kwa mileme padenga la tchalitchi amatuluka mapemphero asanathe. Ndinasiya kupita kudoko. Ndinaonda moti masiketi ndinkachita kumangira ndi chingwe, anthu n'kumati ndi chisoni cha umasiye. Mvula itayamba, mlambe uja unafewa, ndipo m'mawa wina tinapeza utakhala pansi, mulu wa luzi lonyowa. Njira ya kudambo inakhala ngati ya kwina.

Mayi wofufuza uja anabwera yekha ndi zotsatira, ngakhale akanatha kungoimba foni. Anati kachilombo kamene anapeza mwa amuna anga ndi ka agalu, kofanana ndi kamene amakapeza mwa agalu ndi nkhandwe za dera lino. Mwa mileme imene anayeza sanapezemo kachilombo kameneko. Anawonjezera kuti mileme ili ndi tizilombo take tina timene akufufuzabe, choncho si yogwira ndi manja, koma pa imfa iyi inalibe mlandu.

Ndinkadziwa kale.

“Kodi alamu anu ndiwauze ndine?” anafunsa.

“Ayi. Ndiwauza ndekha.”

Ndinapita ku Senga Bay m'mawa mwake pa kabaza. Ndinawapeza akusoka ukonde pansi pa chisakasa. Ndinagwada patali pang'ono monga mwa nthawi zonse, ndipo anadabwa kundiona.

“Kwagwanji, mlamu? Mwana ali bwino?”

“Ali bwino, alamu. Ndabwera ndi mawu.”

Ndinafotokoza maso ali pansi. Sanandidule. Nditamaliza ndinamva singano yosokera ukonde ikugwa pamchenga. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo mwina ndinkafuna kuti atero.

“Kagalu kofiirira kaja?” anatero. “Kogona m'tayala?”

“Komweko.”

“Ndinakanyamulapo ine. Kanandinyambita kumaso.”

Anayang'ana manja awo.

“Munadziwa liti?”

“Miyezi inayi yapitayo.”

“Ndiye mwakhala nazo nokha nthawi yonseyi, ine ndikubwera kumunda kuja n'kumatukwana mileme pamaso panu?”

Kenako anapitiriza okha.

“Mlamu, inu munatola kanthu kanjala. Mng'ono wanga anapisa dzanja kuti akathandize. Wolakwa ndani pamenepa? Koma ine ndinatenga machesi ndi dzanja langa. Mtengo uja tinkasewera pansi pake tili ana, ine ndi iyeyo. Anali kulowamo yekha, ine ndikuopa.” Anapukuta kumaso ndi malaya. “Amayi musawauze. Akalamba. Asiyeni ndi mileme yawo.”

Sitinawauze, ndipo apongozi anamwalira chaka chotsatira asakudziwa. Kaya tinachita bwino, sindikudziwa. Anthu a m'mudzi alamu anawauza okha, pamsonkhano wa katemera wa agalu, ataimirira chipewa chili m'manja. Ena anakhulupirira, ena mpaka pano amati ofufuza aja ankangoikira kumbuyo mileme yawo. Panali amayi angapo amene anasiya kundipatsa moni kwa kanthawi. Dimba ndinalisiya, sindinkatha kulima tomato ngati iwo. Ndinabwerera ku usipa chifukwa mwana amafunika kudya, koma ndinasintha doko.

Mayi uja ndinamuonanso kamodzi kokha. Anabwera ndi pepala lopempha chilolezo choti alembe za imfa ya amuna anga mu lipoti la kafukufuku wawo, kuti madokotala ena azifunsa mafunso mosamala. Anati satchula dzina lawo, kapena la mudzi.

“Ndiye mulemba kuti chiyani?” ndinafunsa.

Anawerenga, akumasulira m'Chichewa: bambo wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, mlimi, anachekedwa ndi dzino la mwana wa galu pachala chachikulu cha dzanja lamanja, sanalandire katemera.

“Basi?”

“Basi, mayi. Malipoti amalembedwa choncho.”

“Lembaniponso kuti ankaimba besi kukwaya. Komanso kuti akabaza osauka ankawamatira machubu ulere.”

Anandiyang'ana, maso ake atafiira. Anati mu lipotimo mulibe malo a zimenezo, sangandinamize. Koma anatsegula kope lake lija, kutsamba lakumapeto, n'kundiuza kuti ndinene pang'onopang'ono. Ndinanena zambiri, zina zopanda pake, monga zoti sankadya therere ndiponso kuti ankaopa atsekwe. Analemba zonse mpaka tsamba linadzaza, n'kutembenuza lina. Nditatopa ndinasaina pepala lake, ndipo ndinamuperekeza mpaka pamsewu.